Alendo amene azakhali sanawaitane

Linali Lolemba madzulo, sabata ya chionetsero cha zamalonda, pamene azakhali anga anamva kugogoda pageti la nyumba yawo kuno ku Njube, mumzinda wa Bulawayo. Atatuluka anapeza amayi awiri ndi bambo mmodzi ali chilili, zikwama zili m'manja, makatoni a uchi ndi tsabola wouma ataunjika pansi. Anali achikumbe a kalabu ina ya kummwera kwa Malawi, ndipo anali atatha masiku awiri pamsewu, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Harare, kuti adzaonetse zokolola zawo ku chionetserocho.

"Odi, mayi! Ndife alendo anu aja," anatero bamboyo akumwetulira ngati munthu wafika kwawo.

"Alendo anga? Pepani bambo, mwina mwasokera. Ine sindikuyembekezera munthu," anayankha azakhali.

Bamboyo anatulutsa lamya yake ya m'manja n'kuwaonetsa zithunzi. Azakhali anaona bedi la m'chipinda chawo cha kuseri, nsalu yoyala yomwe analuka ndi manja awo, makatani awo obiriwira, ngakhalenso mtengo wa mapichesi umene uli pafupi ndi mpopi. Nambala ya nyumba inali yomweyo. Zomwe sizinali zawo zinali ziwiri zokha: dzina la mwini nyumba ndi nambala ya lamya yomwe alendowo anatumizako madola 150 a ku America, omwe anasonkha mamembala a kalabu. Ataimba nambalayo ali pagetipo, inali yotseka. Zipinda ziwiri za azakhali zinali kale ndi anthu ena, omwe analipira kwa eni ake enieni.

Nkhaniyi ndaibweretsa m'ndime ino chifukwa ambiri mwa inu, awerengi, mumayenda. Alangizi amaitanidwa ku misonkhano m'mizinda yomwe sanafikeko. Achikumbe amapita ku zionetsero, ku misika ya fodya ku Kanengo, ku Limbe kapena ku Chinkhoma, ndipo ena amaperekeza odwala ku zipatala zazikulu monga Mpilo ya kuno ku Bulawayo, komwe woyang'anira wodwala amafunika pogona kwa masabata. Enanso muli mbali inayo: muli ndi kachipinda kapena kanyumba komwe mumagonekamo alendo kuti mupeze ya sopo ndi ya fizi. Utambwali womwe unafika pageti la azakhali umadya mbali zonse ziwiri.

Machitidwe ake ndi osavuta, ndipo n'chifukwa chake afala. Mwini nyumba, kapena mwana wake wodziwa za lamya, amajambula zipinda n'kuika zithunzizo pa intaneti pamodzi ndi mtengo ndi nambala yake. Kwa azakhali anachita zimenezi ndi mdzukulu wawo, chaka chimodzi m'mbuyomo. Tambwali amangokopera zithunzizo ndi mawu ake omwe, n'kusintha nambala ya lamya, n'kutsitsa mtengo pang'ono, kenaka n'kuziika pa tsamba lina kapena m'magulu ena ochezerana. Safunika kuthyola chitseko, safunikanso kukhala mumzinda womwe muli nyumbayo. Munthu akafunsa, amayankhidwa msanga ndiponso mwaulemu. Amauzidwa kuti pali ena atatu omwe akufuna chipinda chomwecho, choncho atumize ndalama yosungitsira malo dzuwa lisanalowe. Akapempha kuti m'bale wake akaone nyumbayo, mwini wake wabodzayo amakhala ali ku Johannesburg, kapena ku maliro kumudzi, ndipo makiyi ali nawo konko. Ndalama ikangolowa amaitapa nthawi yomweyo, n'kutaya kakhadi ka m'lamya, komwe kawirikawiri kamakhala kolembetsedwa ndi chiphaso cha munthu wina.

Chomwe chinandiwawa kwambiri m'nkhani ya alendo a azakhali n'chakuti tambwaliyo anawalembera m'Chichewa. Ataona kuti nambala yawo ndi ya ku Malawi, anawayankha ngati mnansi, nawauza kuti makolo ake anachokera ku Ntcheu, ndipo kuti sangalole akwawo avutike m'dziko la eni. Mmodzi mwa amayi aja anandiuza kuti atangowerenga mawu amenewo mtima unakhala pansi, ndipo sanaonenso chifukwa chofunsira kwina. Sindingawadzudzule. Munthu ukakhala pa ulendo wa kutali, chilankhulo chako chimamveka ngati madzi ozizira, ndipo atambwali amadziwa zimenezi kuposa ife.

Mzinda wa Bulawayo uli ndi nyengo zake zomwe zimanenepetsa anthu oterewa. Chionetsero cha zamalonda cha Zimbabwe International Trade Fair, chomwe chinayamba m'chaka cha 1960 chikudziwika kuti Central African Trade Fair, chimachitika chakumapeto kwa Epulo, ndipo sabata imeneyo mahotela ndi maloji amadzaza, mitengo imakwera, ndipo mabanja ambiri amapatula zipinda kapena nyumba zathunthu kuti agonekemo alendo. Mu Disembala kumabwera anzathu ogwira ntchito ku South Africa, omwe kuno amatchedwa injiva, ena ali ndi mabanja omwe sangakwane m'nyumba za makolo. Sukulu zikamatsegulidwa, ophunzira a pa yunivesite ya NUST ndi makoleji ena amasakasaka zipinda. Pamwamba pa zonsezi, mndandanda wa anthu odikira malo omangapo nyumba ku khonsolo ya mzindawu unadutsa kale mayina 100,000. Paliponse pamene ofuna pogona achuluka kuposa mabedi, munthu amaopa kuti akazengereza aphonya, ndipo mantha amenewo ndiwo khasu lomwe tambwali amalimira.

Wina angaganize kuti izi zimachitikira ife okha a kuno, omwe lamya zamakono tazidziwa mochedwa. Ayi ndithu. Mu Julaye 2022, mayi wina wa kumpoto kwa London analandira pakhomo pake alendo pafupifupi 100 ochokera m'maiko osiyanasiyana, omwe anasungitsa malo kudzera pa Booking.com. Adiresi inali ya nyumba yake, zithunzi zinali za nyumba ina, ndipo iye anali asanatsatsepo malonda otero. Wailesi ya BBC ndiyo inaulutsa nkhaniyi. M'chaka cha 2019, mtolankhani wa ku America Allie Conti analemba m'magazini ya Vice za gulu lomwe linkapusitsa alendo m'mizinda ingapo kudzera pa Airbnb, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kampaniyo inalonjeza kuti ifufuza nyumba zonse 7 miliyoni zomwe zinali pa tsamba lake. Ngati makampani a ndalama zochuluka chotero amalowereredwa, kuli bwanji gulu la pa WhatsApp kapena tsamba la pa Facebook lomwe woliyang'anira wake ndi mnyamata mmodzi, amenenso ali ndi ntchito zina?

Apa ndi pomwe pali nkhani yeniyeni. Tinazolowera kunena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, kutanthauza kuti chooneka chokongola chingakhale choola. Koma chipinda cha azakhali sichinali choola. Chinali chaukhondo, monga momwe chinaonekera pa chithunzi. Zonse zomwe alendo aja akanatha kuona ndi maso pa lamya yawo zinali zoona. Bodza linali pa chinthu chimodzi chomwe chithunzi sichingaonetse: kodi yemwe akulandira ndalamayu ndiye ali ndi makiyi a chitsekochi? Funso limeneli silingayankhidwe poyang'anitsitsa lamya, ngakhale mutavala magalasi. Limayankhidwa ndi munthu woti akaima pageti n'kugogoda.

Makolo athu ankadziwa zimenezi. Agogo anga aamuna, bambo awo a azakhali, anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950 kudzagwira ntchito ya njanji kuno ku Bulawayo, komwe mpaka lero kuli likulu la njanji za dziko la Zimbabwe. Sanabwere ndi chithunzi cha nyumba. Anabwera ndi dzina la munthu wa m'mudzi woyandikana ndi wawo, lolembedwa pakapepala, ndipo munthuyo anawalandira ku Makokoba, n'kuwapereka kwa wina, winayo n'kuwapezera pogona. Anthu ochokera ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete anamanga mabungwe othandizana pa maliro, mipingo ndi mizikiti, ndipo zimenezi ndizo zinali ngati ofesi yolandira alendo. Zambiri zikalipo. Ku Njube, ku Mpopoma, ku Makokoba ndi ku Luveve kuli zidzukulu za machona amenewo, ndipo mpingo wa CCAP, womwe Sinodi yake ya Harare inakula pakati pa anthu ochokera ku Malawi, uli ndi akhristu mumzinda muno. Achikumbe aja akanapempha abusa a kwawo kuti alankhule ndi anzawo a kuno, mwana mmodzi wotumidwa akanayenda wapansi kudzafunsa azakhali, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Lamya yatipatsa liwiro, koma yatichititsa kuiwala kuti tili ndi anthu.

Choncho kwa woyenda ndinene motere. Musanatumize ndalama, pezani munthu mumzinda womwe mukupitawo kuti akafike pa nyumbayo ndi kulankhula ndi omwe akukhalamo. Akhoza kukhala m'bale, wa kumpingo, wogwira ntchito ku bungwe lomwe lakuitanani, kapena dalaivala wa basi yemwe amayenda njira imeneyo sabata ndi sabata. Okonza zionetsero ndi misonkhano nthawi zambiri amadziwa malo ogona odalirika, ndipo kuwafunsa sikulira ndalama. Ngati munthu wotero palibiretu, pemphani wotsatsayo kuti akuimbireni lamya yoonana nkhope, ayende nanu kuchokera pamsewu, adutse pageti pomwe pali nambala, atsegule chitseko ndi makiyi mpaka m'chipindamo. Mwini nyumba weniweni sangakane. Tambwali adzanena kuti netiweki ikuvuta, n'kukutumizirani kanema wojambulidwa kale, yemwenso anamuba kumene anaba zithunzi. Onaninso dzina lomwe limatuluka pa lamya musanatsimikize kutumiza ndalama pa EcoCash, Airtel Money kapena Mpamba. Likasiyana ndi lomwe mwauzidwa, ndipo mukuuzidwa kuti ndi la mkazi wake kapena la mlamu wake, imani kaye.

Omwe ali ndi lamya zamakono ali ndi chida china chomwe ambiri sachidziwa. Mukaika chithunzi pa Google Lens kapena pa TinEye, makinawa amafufuza malo ena pa intaneti pomwe chithunzi chomwecho chinaonekerapo. Mukapeza kuti chipinda chomwe akuti chili ku Njube chikutsatsidwanso ku Chitungwiza ndi ku Polokwane, yankho mwalipeza. Koma chidachi chili ndi malire ake: sichiona zomwe zili m'magulu otsekedwa, ndipo chikapanda kupeza kanthu sindiye kuti zonse zili bwino. Kwa omwe amasungitsa malo pa masamba akuluakulu monga Airbnb, mudziwe kuti kampaniyo imasunga ndalama yanu ndipo kawirikawiri imaipereka kwa mwini nyumba patapita tsiku mlendo atalowa. N'chifukwa chake tambwali amakunyengererani kuti mutuluke pa tsambalo, mukakambirane pambali, ati kuti mupewe ndalama yapamwamba. Mukavomera, mwataya chitetezo chokhacho chomwe munali nacho.

M'dziko la Zimbabwe, lamulo la zokopa alendo limafuna kuti malo ogoneka alendo alembetsedwe ku bungwe la Zimbabwe Tourism Authority, ndipo ochita ntchito yogulitsa ndi kubwereketsa nyumba za anthu ena amalembetsedwa ku Estate Agents Council. Kufunsa chiphaso chotere n'kwanzeru mukamachita ndi loji kapena ejenti. Komabe tinene zoona: amayi ambiri a m'makomboni omwe amagoneka alendo sabata imodzi pa chaka alibe mapepala amenewa. Azakhali analibe. Ndipo ichi ndicho chinawachititsa kuzengereza kukanena ku polisi, poopa kuti mlandu ungawatembenukire. Ine ndimaona kuti mantha amenewa ndiwo mpanda womwe atambwali amabisalamo. Mwini nyumba akakhala chete poopa za mapepala, woberedwa akakhala chete poopa kusekedwa, uthenga wabodza uja umakhalabe pamalo pake ukudikira wina. Akuluakulu oona za alendo angachite bwino kufewetsa njira yolembetsera anthu a zipinda ziwiri ngati amenewa, chifukwa munthu wolembetsedwa amayenda molimba mtima popita kukadandaula.

Nanga mwini nyumba yemwe zithunzi zake zabedwa achite chiyani? Choyamba ndi kusunga umboni uthengawo usanafufutidwe: kujambula zonse zomwe zikuoneka pa lamya, dzina lomwe tambwali akugwiritsa ntchito, nambala yake, tsiku, ndi mauthenga otsimikiza ndalama omwe oberedwa ali nawo. Kenaka apite ku polisi pamodzi ndi oberedwawo, chifukwa iwo ndiwo ataya ndalama, ndipo asachoke osatenga nambala ya dandaulo lawo, yomwe kuno imatchedwa RRB. Nambala imeneyi ndiyo imathandiza pokaonekera ku kampani ya lamya. Kufulumira n'kofunika, pakuti ndalama ikatapidwa kubwezedwa kwake n'kovuta kwambiri. Sindikufuna kukupatsani chiyembekezo chabodza. Koma dandaulo lingachititse kuti nambalayo itsekedwe, ndipo madandaulo angapo okhudza nambala imodzi ndiwo amapatsa apolisi poyambira. Malamulo alipo. Ndime 136 ya lamulo la milandu la Zimbabwe imalola khothi kugamula wopezeka wolakwa pa chinyengo kuti akakhale kundende mpaka zaka 35, ndipo m'chaka cha 2021 dzikoli linakhazikitsanso lamulo la Cyber and Data Protection Act. Ku Malawi kuli lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo madandaulo amapita ku polisi ndi ku MACRA, pomwe ku Zambia amapita ku polisi ndi ku ZICTA.

Mwini nyumba auzenso oyang'anira tsamba kapena gulu lomwe pali uthenga wabodzawo kuti auchotse, ndipo apemphe anzake ambiri kuti nawonso adandaule, chifukwa liwu la munthu mmodzi limachedwa kumveka. Alembe chenjezo pa malo onse pomwe amatsatsa malonda ake, lonena nambala yake yokhayo yolandirira ndalama. Zithunzi zatsopano azilembe dzina ndi nambala pakati penipeni, osati m'mphepete momwe tambwali angadule ndi chala chimodzi. Asaonetse nambala ya nyumba pa zithunzi. Aziipereka kwa munthu yemwe walankhula naye. Auze anansi ake, ndi a golosale ya pafupi, kuti wobwera kudzafunsa nyumbayo amulozere kwa mwini wake. Ndipo achenjere ndi utambwali wobwera chakumbuyo: munthu wodzitcha mlendo amatumiza uthenga wabodza wooneka ngati wochokera ku kampani ya lamya, wonena kuti ndalama yalowa, kenaka n'kuimba akudandaula kuti watumiza yochuluka, mumubwezere yapamwambayo. Musakhulupirire uthenga; onani nokha ndalama zomwe zilidi m'lamya mwanu. A ku Malawi amaidziwa bwino njira imeneyi, popeza nyuzipepala zakhala zikulemba za akaidi a ku ndende ya Zomba omwe amabera anthu pa lamya.

Izi zikukhudzanso midzi yomwe yayamba kulandira alendo okaona malo ngati njira yopezera ndalama, monga mudzi wa Kawaza pafupi ndi South Luangwa ku Zambia, kapena mabanja a m'mbali mwa nyanja ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay. Malonda a malo oterewa amayenda chifukwa cha mbiri yabwino basi. Mlendo woberedwa m'dzina la mudzi wanu sadzasiyanitsa inu ndi tambwali. Adzangouza anzake kuti kumeneko n'kwa akuba. Komiti iliyonse yotere ikhale ndi munthu mmodzi yemwe, kamodzi pa mwezi, azifufuza dzina la malo awo pa intaneti kuti aone ngati palibe wina amene akugulitsa mabedi awo.

Kwa inu alangizi ndi ogwira ntchito za chitukuko ndili ndi pempho limodzi. Timaphunzitsa makalabu kusunga ndalama, kulemba mabuku ndi kusankha msungichuma wokhulupirika, koma ndi kangati pomwe timakambirana za ndalama yotumizidwa pa lamya kwa munthu yemwe palibe anamuonapo? Malamulo ambiri a makalabu amanena kuti bokosi lisatsegulidwe popanda anthu atatu a makiyi. Lamulo lomwelo lifike pa lamya: ndalama ya gulu isatumizidwe kwa mlendo mpaka anthu awiri ena atamva yemwe wakaona malowo ndi maso. Ndipo wina akaberedwa, msonkhano usamuseke. Bambo uja anandiuza kuti chomwe chinkamusowetsa tulo sichinali kutayika kwa madola, koma momwe akafotokozere amayi omwe anagulitsa nkhuku zawo kuti asonkhe.

Usiku umenewo azakhali anakankhira mipando ya pabalaza kukhoma n'kuyala matiresi awiri. Amayi aja anagona pamenepo, bamboyo anakagona kwa a neba. M'mawa mwake ndinawaperekeza onse anayi ku polisi, azakhali ali patsogolo atavala nsalu yawo ya kumpingo, ndipo za mapepala awo palibe anawafunsa. Mdzukulu uja anatha tsiku lonse akupempha anzake kuti adandaule za uthenga wabodzawo, ndipo unachotsedwa Lachinayi, koma panali patabwera kale mnyamata wina wa ku Gweru yemwe analipira chipinda chomwecho. Madola 150 aja sanabwezedwe. Achikumbewo anakhala masiku asanu pabalazapo, akuphika limodzi ndi azakhali ndi kuwakonza Chichewa chawo chosakanikirana ndi Chindebele, ndipo uchi wawo unatha Lachisanu masana. Pochoka anafuna kulipira, azakhali anakana, ndipo atakanganapo pang'ono anagwirizana pa mabotolo awiri a uchi omwe amayi aja anali atabisa pansi pa chikwama. Chaka chino analemba kalata mu Febuluwale, kudzera kwa abusa, yopempha kuti awasungire zipinda zonse ziwiri.